Makutu a Amalume

Kalabala kaja kanali kofiila mbali imodzi, kotuwa mbali inayo, ndipo m'mphepete kanada ndi zala za amalume. Sikanafufutepo chilembo. Ntchito yake inali kupukuta timano tagolide ta memoli ya kompyuta.

Chaka chimenecho amai ananditumiza ku Petauke pa tchuthi cha Ogasiti, nyengo ya mphepo ndi fumbi. Amalume anali ndi kashopu kuseli kwa msika, kodzaza makompyuta akufa ndi fungo la waya wopsa. Ali mnyamata anagwila ntchito pachigayo, ndipo chigayocho chinawadya makutu. Mawu a munthu ankawatola pamilomo, koma kulila kwa kompyuta, kochepa ngati kwa mwanapiye, sikunkawafika.

Anandiphunzitsa kuti kompyuta ikamayaka imanena yokha pamene pakuipweteka. Ikalila kamodzi mwachidule, ili bwino. Ikalila motalika mobwelezabweleza, memoli yasuntha kapena yadya fumbi. Ikalila kamodzi motalika, kenako kawili mwachidule, vuto lili pa kadi yotumiza zithunzi ku sikilini. Ine ndinkaima kumbuyo kwawo, dzanja lili paphewa pawo, ngati mwana wokonda kukakamila akulu. Ikalila motalika ndinkakanikiza chala, ikalila mwachidule ndinkagogoda. Iwo ankagwedeza mutu ngati amva okha, n'kutsegula bokosilo.

"Izi n'zathu awili," ankatelo. Ine ndinkaziona ngati masewela.

Tchuthi chili pafupi kutha, tinaitanidwa kusukulu ina ya ku Nyimba, kumene makompyuta a ana a mayeso anakana kuyaka. Aphunzitsi anali ochokela kumigodi, Chinyanja chawo chosakanikila ndi Chibemba. Anati amalume akawadzutsa onse, ndiwo azikonza makompyuta a pasukulupo chaka chonse. Panjila amalume anali atandiuza kuti ntchito yotelo ndiyo ingasunge kashopu kaja.

M'chipindamo munkanunkha choko ndi ndowe za mileme. Tinayamba ndi ya pakhomo. Kompyuta inalila, chala changa chinakanikiza, kalabala kanapukuta, sikilini inawala. Choncho mpaka ya pakona. Aphunzitsi anaomba m'manja.

"Abambo, khutu lanu n'lakuthwa. Ine ndimangomva phokoso chabe."

Chala changa chinali chitachita dzanzi, ndipo palibe amene anandiyang'ana.

"Ndine ndimamva," ndinatelo. "Amalume samva."

Sindinaname, ndipo kwa zaka zambili ndinkabisala kuseli kwa zimenezo. Koma ndinkadziwa kuti n'zathu awili, ndipo ndinazigulitsa kuti munthu wachilendo andiyamikile.

Aphunzitsi anaseka pang'ono, kenako analeka. Anayamba kulankhula ndi amalume mokuwa, akuloza ndi manja, ndipo posakhalitsa ankangolankhula ndi ine. Anafunsa kuti ndibwelela liti kwathu ku Msanzala. Ndinayankha monyada kuti mailo, kukangocha. Amalume ankayang'ana milomo yathu, wina kenako wina, zida zawo zili m'manja.

"Tidzakuimbilani foni," anatelo aphunzitsi pakhomo, maso awo ali pakhutu la amalume. Sanaimbe.

Makompyuta ambili a lelo amaphethila nyale m'malo molila. Ndikaona imodzi ikuphethila kuntchito kwathu, ndimaganiza kuti amalume akanaiwelenga okha, popanda dzanja la wina paphewa. Tsopano amalima mtedza, ndipo ndikapita kukawaona timakamba za mvula.

Tsiku lija, podikila basi pamsewu, anandigulila nthochi za ku Nyimba, zazifupi zotsekemela. Sanandikalipile. Titakhala pampando, anapisa m'thumba la shati, natulutsa kalabala kaja, nandifumbatitsa ndi manja awo onse awili. Kanali kofunda.

Njila yonse ndinkakanunkhiza, ndikuganiza mmene ndikawaonetsele anzanga kusukulu. Ndinkayesa kuti ndi mphoto. Sindinadzifunse kuti kompyuta ya mailo adzaipukuta ndi chiyani.