Nsalu Yopinda Anthu Awiri

Chaka changa choyamba pa yunivesite ku Lusaka, ndinabwerera ku Livingstone temu isanathe. Nditatsika sitima ndinayenda wapansi mpaka kwathu ku Dambwa, mumtima nditatsimikiza kuti sukulu ndasiya.

Ndinali nditalephera mayeso a pakati pa temu, koyamba m'moyo wanga. Kuyambira pamenepo mabuku ndinkangowayang'ana, mawu osalowa m'mutu. Chakudya sichinkatsika, tulo sitinkabwera. M'kalasi ndinkakhala kumbuyo, kuonerera anzanga akucheza, osadziwa poyambira. Kukhala chete ndinakuzolowera kalekale. Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo ambuya, agogo anga amene anandilera, ankalankhula zokwanira tonse awiri.

Ambuyawo ankachapa ndi kusita nsalu zoyala pabedi za loji ina ya ku Nakatindi. Ndinawapeza pabwalo atamangirira ngodya ziwiri za nsalu kunthambi ya mango, akukoka okha mbali inayo.

"Aa, ba profesa abwera!" anatero. "Masula uko, gwira. Mtengo uyu ni waulesi, sukoka."

Sanandifunse kanthu. Nsalu zoterezi zimafunika kuzikoka musanazipinde, wina uku wina uko, kuti makwinya achepe. Ambuya anakoka mwamphamvu, ine ndinali nditawonda, ndipo ndinagwa chafufumimba pa udzu. Anaseka mpaka kukhala pansi. Nanenso ndinaseka, kenako misozi inabwera, ndipo ndinawauza zonse.

"Ku Lusaka ukamba na ndani?"

"Palibe, ambuya."

"Olo mmodzi? Kodi pakamwa unapasiya kuno ku Dambwa?"

Tinapinda nsalu masiku anayi. Ndinayamba kudya, tulo tinabweranso. Tsiku lachisanu anatulutsa m'sutikesi nsalu yawo yaikulu ya maluwa, imene ankayalira alendo okha.

"Tenga. Ukachapa usapinde wekha. Ndipo usakamangirire kumtengo, nizamva."

Ndinakwera sitima yobwerera ku Lusaka mantha ali pomwepo. Loweruka ndinaichapa, ndipo itauma ndinaima nayo pakhonde la hositelo nthawi yaitali. Kenako panatuluka mtsikana wa chipinda choyandikana ndi changa, wa mtundu wa Alozi wochokera ku Mongu, amene ndinkamuona ngati wanzeru kuposa tonse m'kalasi.

"Mungandithandizeko kupinda?" ndinatero.

Anaika ndowa yake pansi, n'kugwira ngodya ziwiri. Anakoka ngati ambuya, ndipo ndinatsala pang'ono kugwanso.

"Iwe, kwanu sudya?" anandifunsa.

Tili mkati mopinda anandiuza kuti mayeso aja nayenso analephera, ndipo masabata awiri ankalirira m'bafa, mpopi atautsegula kuti tisamve. Ine amene ndinkadziyesa woona chilichonse, zimenezo sindinazione. Tinaseka mpaka nsalu inakhudza pansi.

Lolemba tinakhala benchi limodzi, kutsogolo. Mantha sanathe tsiku lomwelo, koma chaka ndinamaliza. Nsalu ya maluwa ija ndinkaichapa Loweruka lililonse, ngakhale isanade.