Mchenga pa mlatho wamitengo

Nkhondo isanathe, ndinkayendetsa kamiyau yotuta mchenga pa ntchito yokonza msewu wa ku Kalomwe. Akapitawo athu anaphunzira ntchito ku Dedza, kumene ankayeza ndi mapaundi ndi mapazi, pomwe kwathu kuno Apwitikizi ankafuna makilo ndi mametulo.

Panjira panali mlatho wamitengo wongoyembekezera, ndiye tsiku lina ndinawafunsa ngati ungapirire kamiyau yodzaza. Iwo ankadziwa kuti mchenga wodzaza bokosi la phazi limodzi mbali zonse umalemera mapaundi pafupifupi zana. Mapaundiwo anawasandutsa makilo bwinobwino, koma phazilo anangolitcha metulo, osaganiza kuti bokosi la metulo limameza mabokosi a phazi oposa makumi atatu.

"Ndi wopepuka mchenga uwu, dzazani," anatero.

Ndinadzazadi. Nditafika pakati pa mlatho mitengo inathyoka, kamiyau n'kukhala pansi mumtsinje. Chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero n'chakuti akapitawo anabwereza masamu awo ali pamtunda pouma, n'kundiuza kuti akutuluka chimodzimodzi. Ine ndinkawamvera ndili ndi fosholo m'manja, madzi ozizira a m'mwezi wachisanu akulekeza m'chiuno.