Chilimwe Chimene Msuweni Wanga Anadumpha Kuposa Ine

Mpirawo unali wofiira, wachikopa, wosongoka mbali ziwiri ngati papaya wamng'ono. Ukagwa pansi sunkadziwika kolowera: iwe uthamangire kumanja, iwo udumphire kumanzere. Unkanunkha polishi wa nsapato ndi udzu wonyowa. Ndinaugwira koyamba ku Wakefield, kuno m'dziko la Angerezi, ndili mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi.

Mwini wake anali mzungu wamtali wa ku Australia amene tonse tinkangoti a kochi. Akazi awo anali nesi, wodi imodzi ndi amayi anga, ndipo ndi mmene ndinapezekera pa paki Loweruka lililonse. Kwawo a kochi anasewerapo mpira wa mtunduwu m'timu yaikulu, mpaka bondo linawonongeka. Anakhala mphunzitsi wa timu, timuyo itayamba kugonja anawachotsa, kenaka analowa pa wailesi kuulutsa masewero. Ngakhale ali kuno ankatumizabe timakanema tatifupi ku pulogalamu ina ya kwawo. Zala zawo ziwiri zinali zokhota, ndipo pa bondo panali chipsera chachitali ngati zipi.

Anatiphunzitsa kuti mpirawu saponya. Umaukhoma ndi chibakera kapena kuumenya ndi phazi, ndipo ulemu waukulu umapita kwa amene waudumphira nauwakha m'mwamba. Pa ana onse, ine ndi amene ndinkawakha bwino. M'Chingerezi chawo chotafuna mawu ankati manja anga ndi a ulimbo. Mawuwo ndinkawabwereza ndekha m'basi mpaka kufika kunyumba.

Sukulu zitatsekera, amalume anabwera kuchokera ku Middlesbrough ndi mwana wawo wamkazi, msinkhu umodzi ndi ine. Anali atapempha boma kuti awalole kukhala kuno ngati othawa kwawo, ndipo yankho linali lisanabwere. Ntchito sankaloledwa kugwira. Anamusiya msuweni wangayo kwathu kuti atchuthire, iwo n'kumabwera kumapeto kwa sabata. Anali woonda, wosalankhulalankhula, Chingerezi chake chochepa. Amayi anandiuza kuti, “Upite naye ku mpira kwanuko, asamangokhala pawindo.” Msuweni wangayo anavala nsapato zanga zakale.

Tsiku loyamba lomwelo a kochi anamenya mpira m'mwamba kwambiri. Ine ndinaima pansi pake, manja okonzeka. Ndinangomva bondo likundiponda pamsana, mthunzi n'kudutsa pamutu panga. Pocheuka, msuweni wanga anali atakhala pa udzu, mpira ataukumbatira pachifuwa, akundipepesa. Kumudzi ankasewera netibolo wopanda nsapato, koma zimenezo ine sindinkazidziwa. A kochi anathamanga chotsimphina, akuseka ngati mwana. Ine anali asanandithamangirepo.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuwerenga chilichonse. A kochi amutchula kangati, andiyang'ana kangati. Ndinkadana ndi mmene msuweni wangayo ankamangira zingwe za nsapato zanga zomwe. Tinkagona chipinda chimodzi, ndipo iye ankandifunsa mwaulemu tanthauzo la mawu amene a kochi anamuyamikira nawo. Ndinkamunamiza. Ndinkati akuti umathamanga ngati nkhuku. Ankangoseka, n'kundigawira theka la chokoleti chake. Lero ndikakumbuka, chokoleticho chimandipweteka kuposa bodzalo.

Chakumapeto kwa tchuthi a kochi analengeza kuti Loweruka lotsatira abwera ndi kamera. Ankafuna kuonetsa anthu a kwawo mtsikana wa ku Malawi amene amawakha mpira wawo kuposa ana awo. Mtsikana wa ku Malawi. Ine ndinabadwira m'chipatala chomwe amayi ankagwiramo ntchito, koma tsikulo ndinkafuna dzina limenelo likhale langa.

Ndinkadziwa kuti amalume amaopa makamera. Ku tchalitchi anthu akamajambulana iwo ankapita kukathandiza kutsuka makapu. Chifukwa chake sindinkachidziwa bwino, koma ndinkadziwa kuti mantha alipo, ndipo ndinawagwiritsa ntchito. Lachisanu atafika, ndinawapeza kukhitchini akumwa tiyi wopanda mkaka. Ndinalankhula Chichewa, chimene sindinkachita kawirikawiri, kuti mawuwo alowe bwino.

“Amalume, mwamva? Mawa amuika pa kanema. Anthu onse amuona, ndi a boma omwe. Atchulanso dzina lanu.”

Zakuti atchula dzina ndinawonjezera ndekha. Amalume anaika kapu pansi pang'onopang'ono. Anangoti, “Zikomo, mwana wanga, wachita bwino kundiuza.” Mmawa mwake anakwera sitima yoyamba, iwo ndi mwana wawo. Msuweni wanga anasiya nsapato zija pakhomo ataziyika bwinobwino, masokosi atapindidwa mkati. Sanalire. Anandikumbatira n'kuti ndikamupepesere kwa a kochi.

Kamera inajambula ine. Ndinawakha mipira itatu, iwiri inandipulumuka. Pamene a kochi anafunsa kuti mnzanga ali kuti, ndinati wadwala. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikhulupirira kuti amayi anauza akazi a kochi zonse kuntchito, chifukwa amalume anali atafotokozera amayiwo chimene chinawathawitsa. Amayi sanandimenye. Anangokhala masiku awiri osandituma kanthu, ndipo m'nyumba mwathu chimenecho chinali chilango chachikulu.

Msuweni wanga sanasewerenso mpirawo. Mapepala awo owalola kukhala kuno anatuluka patapita zaka, ndipo lero amasamalira okalamba ku Manchester. Ndinamuululira tili akuluakulu kale. Anati ankadziwa, amalume anamuuza m'sitima momwemo. Kenaka anafunsa ngati a kochi anakwiya naye.

Loweruka lomaliza la chilimwecho, ana ena atapita, a kochi anandiuza kuti ndiwathandize kuzula mizati ya magoli. Tinakhala pa benchi, iwo akusisita bondo lawo. Anandiuza kuti atalowa pa wailesi, mnyamata amene anatenga malo awo m'timu ankasewera bwino kwambiri, ndipo ntchito yawo inali kumuyamikira pamaso pa dziko lonse. Anati sabata iliyonse ankatamanda mnyamatayo, pakamwa pakuwawa ngati adya ndulu. Anati tsiku lina mnyamatayo anagwa, osadzukanso msanga, ndipo asanatsegule pakamwa kuti alengeze, anamva mtima wawo ukukondwa. “Palibe amene anadziwa,” anatero, “koma ine ndimakumbukabe.”

Ndinagwedeza mutu mwaulemu monga amayi anandiphunzitsira. Ndinkaona basi yanga ikukhota pakona, ndipo ndinkadabwa kuti munthu wamkulu akundiuziranji nkhani ya mnyamata wa ku Australia amene sindinamuonepo.