Chingwe cha nsapato yanu

Achimwene a Yohane, lero ndadutsa pabwalo la msika wakale paja pamatera nkhunda, m'dziko la eni lino lomwe tinabwera kudzagwira ntchito. Mukukumbukira Lachisanu lija la korona? Titangofika pabwalopo, kachingwe ka masiki yanga kanaduka, apolisi akubwera chakuno. Kugwidwa wopanda masiki nthawi ija kunali kutha kwa ntchito, n'kubwerera ku Ntcheu chimanjamanja. Inu munagwada ngati mukupemphera, n'kusolola chingwe cha nsapato yanu. "Yala, yala, fulumira, tembenuka mphwanga, usanjenjemere ngati waba," munatero mukundimanga masiki kunkhongo. Apolisi anatiyang'ana, n'kudutsa. Mpaka komwe tinkagona ku Najma munayenda mokoka phazi, mukuseka.

Mwezi usanathe matenda aja anakutengani, ndipo kwathu kunangopita sutikesi yanu, inu n'kutsala mumchenga muno. Kunena zoona, ndimaopabe kuti nanenso ndingatsale kuno. Alamu, akazi anu, anandifunsa pafoni chifukwa chake nsapato imodzi inafika yopanda chingwe. Chili m'Baibulo langa, achimwene. Ambuye akandisunga, ndikawapatsa ndekha m'manja. Gonani mumtendere wa Yesu.