Kamvuluvulu Amuyang'anitsa Kukhoma

Mwana wa mlongo wanga timamutcha Kamvuluvulu, ndipo dzinalo sanachite kuba. Chibadwire sindinamuone atakhala pampando mpaka mpandowo kufunda. Ndi telala. Makina amapalasa ngati akuthawa njuchi, mapini pakamwa, maso kumsewu. Tiyi amamwa choimirira. Ngakhale kuchipatala amanyamula siketi ya eni ake yoti azipinda ali pamzere.

Makolo atagwirizana kuti ana asiye tchipisi ndi maswiti a kumpanda, azidya zophikidwa pasukulu pomwepo, iye ndiye anayamba kukweza mkono. Malipiro palibe. Kholo lililonse lili ndi tsiku lake, koma Kamvuluvulu anatenga lake n'kuwonjezera la aliyense wodwala mutu. Ine anandikokera komweko kukasenda anyezi, ati nkhalamba misozi ili nayo pafupi.

Khitchiniyo ndi kachipinda kopanikiza: mapoto awiri akuluakulu, sinki kumbuyo, zenera logawira chakudya kutsogolo. Mpunga, nyemba, kabichi wa karoti, nthochi pambali. Pazenerapo ndi pomwe panabadwira mlandu. Kholo likagwira chipande n'kuona wake pamzere, dzanja limalemera, pakamwa pamapepuka.

Chitsiriza cha Kamvuluvulu ndi mtsikana wa kalasi yomaliza, msinkhu woyamba kuchedwa pagalasi. Tsiku lina atangofika pazenera, mayi ake anakuwa:

"Kamasaya! Sendera kuno. Dzulo sunapite kuchimbudzi iwe, kabichi uyu umalize!"

Mzere wonse unafa ndi phwete. Mwana analandira phiri lake la kabichi, n'kuliika patebulo, n'kutuluka. Mawa lake sanabwere. Mkuja wake ndinamuona kumpanda akunyambita mafuta a tchipisi papepala.

Kamvuluvulu mtima unachoka m'malo. Ana a eni akusalala ndi nyemba zake, wake akudyera kumpanda! Anamunyengerera ndi dzira lowonjezera, sizinatheke. Anamulondola kumpanda komweko, mbale m'manja, epuloni m'chiuno, anzake a mwanayo akuonerera. Apo ndiye anaipitsiratu. Kunyumba mwana anangoti, "Mukakhala pazenera paja, ine bola njala."

Anabwera kwa ine akupotokola epuloni.

"Amalume, ndalakwanji? Kudyetsa mwana wanga?"

"Wamudyetsa manyazi, iwe. Wakhuta mpaka chaka chamawa."

"Ndiye ndisiye kubwera?"

"Ukasiya aphika ndani, ine? Tipha ana a eni."

Amayi ogulitsa mankhwala kufamase, omwe ndi apampando a gulu lathu la makolo, anagamula kuti kholo lisamagawire kalasi ya mwana wake. Belu la ana a kalasi yomaliza likalira, Kamvuluvulu azipita kusinki, nkhope kukhoma.

Munaonapo mbuzi yomangidwa pafupi ndi dimba? Mbale imodzi ankaitsuka kawiri, khosi likupotoka lokha. Mbale zikamabwerera ankazifunsa ngati mboni: iwe wasiya karoti, ndiwe wa ndani? Masiku anapita, mwana osaoneka.

Masana ena ndikuwola makoko a anyezi, tinamva mawu pazenera, otsika ngati a munthu wodzabwereka mchere.

"Nyemba zilipo?"

"Zilipo, mwanangu," anatero bambo wina wa minibasi amene ankagawa tsikulo. "Nanga kabichi?"

"Pang'ono."

Kamvuluvulu atamva kuti ndi mwana wake, anaponya siponji m'madzi. Ine ndinambwandira chingwe cha epuloni n'kuchikulunga kudzanja.

"Amalume, ndisiyeni. Amupatsa wochepa."

"Tsuka poto."

"Ndingosuzumira basi, diso limodzi."

"Ukasuzumira, ameneyu adyera kumpanda mpaka adzakwatiwe."

Anandiyang'ana ngati andimeze. Kenako anatembenukira kukhoma n'kugwira poto woyera kale. Anamukwecha, kumukwecha, mapazi akupondaponda m'madzi a sopo, khutu lili kuzenera, mpaka mawu aja anamvekanso:

"Bambo, mungandiwonjezereko nyemba?"

Chingwe chinandicheka chala, koma sindinataye.