Tsiku Lolemba

Kuchipatala komwe ankagwira ntchito, azakhali anga ankangodziwika kuti Amadeti. Sanali namwino ayi, jakisoni ankamuopa kuposa mwana. Ntchito yawo inali ya pakompyuta, m'kachipinda kopanda windo kuseri kwa kolandirira mankhwala, momwe fani inkangozunguza mpweya wotentha womwewo.

Wodwala chifuwa chachikulu akalembedwa, kompyuta inkatenga tsiku lomwe walembedwalo n'kuwerengera yokha masiku ena atatu, lililonse m'bokosi lakelake: lodzatenganso mankhwala, lodzayezetsa makhololo, ndi loti akapanda kuoneka amulondole kunyumba. M'mawa uliwonse azakhali ankalemba deti ya tsikulo, kompyuta n'kufufuza m'mabokosi atatuwo n'kutulutsa mayina, iwo n'kuyamba kuimba mafoni. Anali munthu wovuta, ndisaname, ife ana a mchimwene wawo tinkawazemba. Koma odwala ankawadalira kwambiri.

"Musadzivute n'kuwerenga masiku, bambo," ankatero. "Imeneyo ndi ntchito yanga, ndidzakuimbirani."

Mawu omwewa anawauzanso atelala omwe ankasoka pakhonde la sitolo yoyang'anana ndi geti la chipatala. Patapita nthawi azakhali anazindikira kuti makina a atelalawo akungokhala ovindikira ndi nsalu. Chilembedwereni, dzina lawo linali lisanatulukepo n'kamodzi komwe.

Anafufuza bokosi limodzilimodzi, koma sanawapeze. Anatembenuza deti, mwezi kutsogolo tsiku pambuyo, poti kompyutayo nthawi zina inkasokoneza ziwirizi. Anafufuza chaka chonse chathunthu, mayina n'kutuluka mbwee, la atelala lokha osaoneka. Atalemba dzina lenilenilo m'pamene anawapeza, mabokosi atatu aja ali pululu. Anabwerera kubokosi loyamba, lomwe enawo amawerengera kuchokera pamenepo. Pamwamba pake panalembedwa kuti "Tsiku lolemba". M'kati mwake munalibe deti, munali mawu akuti "Inde".

Anaitana mayi wa pawindo lolembetsera odwala, yemwe nthawi yomwe atelala ankalembedwa anali atangoyamba kumene ntchito.

"Apa munkatanthauza chiyani, amayi?"

"Ine ndinkayesa likufunsa ngati tsikulo linali Lolemba," anayankha mayiyo. "Ndipo linali Lolembadi."

Likanakhala tsiku lina, azakhali akanaseka mpaka kugwira nthiti. Kompyuta singawerengere masiku kuchokera pa "Inde", ndipo munthu wopanda deti satuluka, ungafufuze deti iliyonse. Mayiyo sanamukalipire, chifukwa bokosilo analipanga okha n'kulisiya kuti lizilandira chilichonse.

Foni ya atelala inali yozima, choncho masana omwewo azakhali anapita okha kunyumba kwa atelalawo. Anapeza akazi awo akupinda zovala za mwamuna n'kumaziika m'katoni.

"Mwachedwa, amayi. Tinaika kale."

Azakhali anakhala pansi osayembekeza kupatsidwa mpando.

"Mankhwala atatha ndinawauza kuti tiyeni kuchipatala," anapitiriza mayi wamasiyeyo, mopanda mkwiyo. "Anakana. Amvekere, 'Amadeti sanaimbe, ndiye kuti tsiku silinakwane. Mayi aja saiwala.'"

Bokosi lija azakhali analikonza kuti lizikana chilichonse chomwe si deti, ndipo m'mawa uliwonse, asanafufuze za tsikulo, ankayamba ayang'ana ngati pali wina wopanda deti. Nkhaniyi anandiuza kamodzi kokha, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri. Anagwirabe ntchito m'kachipindamo mpaka kupuma, koma sanauzenso wodwala aliyense kuti asawerenge masiku.