Achule a Bambo Koswara

Bambo Koswara anali odula magalasi. Kwa zaka makumi atatu anakhala m'kakhwalala kathu kuno ku Bandung, nyumba yawo itayang'anizana ndi yanga, ndipo ankapanga mabokosi agalasi owetera nsomba. Zala zawo zinali zipsera zokhazokha. Sanali munthu wa nkhani zambiri. Kumzikiti ankakhala mzere wakumbuyo, swala ikangotha ulendo wa kunyumba.

Achule anabwera mwangozi. Mphunzitsi wina anawapempha kuti amupangire bokosi, koma patangotha miyezi itatu anapeza ntchito kunja, n'kudzawasiyira bokosilo ndi tiachule tinayi momwemo. Tinali tating'ono ngati chala chamanthu, tabuluu wowala wamadontho akuda, moti ukanati wina watipaka penti.

Akazi awo, mayi Ening, anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Bambo a Wulan, anthu akuti zimenezi ukangokhudza wapita. Ngati mwatopa nane ingonenani, ndibwerere kwathu ku Garut."

"Poizoniyo amamutenga ku nyerere zimene amadya m'nkhalango za kwawo ku America," anayankha a Koswara osatembenuka. "Awa anabadwira m'galasi, alibe kanthu. M'nyumba muno poizoni ali pakamwa panupo."

Ine ndinali pamakina anga osokera, ndinaseka mpaka ulusi unaduka.

Pofika chaka chachisanu ndi chimodzi mabokosi anali asanu ndi anayi, atadzaza pabalaza ponse. Mwana wawo Wulan anali atakwatiwa n'kusamukira ku Batam, ndiye panalibe wodandaula za malo. M'mawa uliwonse a Koswara ankawaza madzi pamasamba ndi pandere, kenako n'kukutumula tintchentche tomwe ankaweta m'mabotolo a nthochi zowola. Tsiku lina anandiitana mokuwa, zomwe anali asanachitepo.

"Mayi Ipah! Siyani kaye malayawo, bwerani!"

Anandionetsa chule wamphongo akukwera tsamba, mbululu ziwiri zitamatirira kumsana kwake. Ankazinyamula kukaziika m'timadzi tapakati pa masamba.

"Mwaona? Wobereka ana ndi bambo."

"Apatu ndiye akuposani," anatero mayi Ening ali kukhitchini. "Wulan simunamuberekepo ndi tsiku limodzi lomwe."

Komatu pa nthawiyo mayi Ening ndi amene ankadziwa chule aliyense, wadyera ndi wamanyazi yemwe.

Dzinja la chaka chimenecho linabwera ndi dengi, matenda a udzudzu aja. Anthu asanu ndi awiri anagonekedwa m'chipatala, ndipo kamtsikana ka bambo Jajang, ogulitsa msuzi wa nyama pangolo, kanamwalira kali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Maliro atatha, anthu anayamba kunong'onezana kuti udzudzu ukuswana m'madzi a achule aja. Pamsonkhano wa kakhwalala a Jajang anaimirira, maso ali psuu.

"Ife tikukhuthula ndowa tsiku ndi tsiku, wina akuweta dambo pabalaza. Mwana wanga ndi achule anuwo chofunika n'chiti, a Koswara?"

A Koswara anayesa kufotokoza kuti mabokosi ndi otseka, ndiponso kuti mbululu zimadya mphutsi za udzudzu. Panalibe womvera. Anagwirizana kuti Lachinayi kubwere opopera utsi wa mankhwala, alowe nyumba iliyonse. A Koswara sanatsutse. Anangokonza zoti Lachitatu asamutsire mabokosi kwa alamu awo, chifukwa chule amapumira pakhungu, ndipo utsi wotere sakhala nawo moyo.

Lolemba mayi Ening anadzuka thupi likutentha, mfundo zonse zikuphwanya. A Koswara anawatengera kuchipatala pa njinga yamoto, n'kundisiyira kiyi kuti ndikawaze madzi masana.

Opopera aja anabwera Lachiwiri m'mawa. Ankati makina apezeka tsiku limenelo, ndipo Lachinayi akakhala kudera lina. Anayamba kumtunda, utsi woyera ukutsika nawo, amayi akuthamangitsa ana ndi kuvundikira zakudya. Atafika pakhomo la a Koswara, a Jajang ndi amuna ena anatembenukira kwa ine.

"Mayi Ipah, kiyi ali ndi inu. Tsegulani."

"Dikirani kaye eni ake abwere."

"Tidikire mpaka winanso afe? Inu mulibe zidzukulu?"

Ndinaimbira a Koswara foni katatu, sinayankhidwe. Zidzukulu ndinali nazo ziwiri m'nyumba, ndipo ndisaname, mumtima mwanga inenso ndinkakayika za madzi aja. Ndinalowa, ndinafunditsa mabokosi nsalu zomwe ndinapeza, kenako ndinatuluka n'kusiya chitseko chotsegula. Sindinaganize kuti pamwamba pa bokosi lililonse pali sefa yolowetsa mpweya, ndipo nsalu siletsa utsi.

A Koswara anafika cha m'ma 3 koloko masana kudzatenga zovala za odwala. Fungo la dizilo la utsi uja linali lisanathe. Ndinawatsatira m'mbuyo ndikuyankhula, koma sindikumbuka zimene ndinkanena. Anavundukula nsalu imodziimodzi. Achule ena anali chagada pandere, miyendo itawongoka. Ena ankanjenjemerabe, ndipo awa anawatsuka ndi madzi oyera m'mbale, koma anafera m'manja mwawo. Anayala nyuzipepala pansi, n'kuwandanditsa potengera bokosi lomwe aliyense ankakhala. Analipo makumi anayi ndi atatu.

Sanakalipe. Ndikanakonda akanandilalatira.

"Foni inali m'thumba la jekete," anatero. "Madokotala amawaika mayi a Wulan madzi m'thupi nthawi imeneyo." Kenako anatambasula dzanja. "Bweretsani kiyiyo, mayi."

Zinapulumuka ndi mbululu zisanu zokha, zomwe zinali m'makapu ovundikira m'kabati ya kukhitchini.

Mayi Ening anatuluka m'chipatala patatha mlungu. Amuna awo anali asanawauze. Ndinamva kulira kwawo ndili kwanga, ndipo ndinazimitsa makina. Mwezi womwewo anthu ena awiri anadwalanso, kenako mphutsi za udzudzu zinapezeka m'matayala akale omwe anaunjikidwa kuseri kwa malo okonzera njinga. Palibe amene anapita kukapepesa. A Jajang ankangodutsa ndi ngolo yawo atawerama, ndipo a Koswara sanawanenepo choipa. Nthawi ina mayi Ening atayamba kuwatchula, amuna awo anawadula: "Munthuyo anaika mwana m'manda. Musiyeni."

Mbululu zija anazilera mpaka zitamera miyendo, kenako anakazipereka kwa dokotala wina wa ziweto kumapiri a Lembang, komwe kumazizira. Mabokosi anawatsuka n'kuwagulitsa kwa oweta nsomba. Chaka chotsatira maso anayamba kuchita khungu, magalasi ankawathyokera mokhota, ndipo ntchito inatha yokha. Ankakhala pakhonde tsiku lonse. Tinkapatsana moni, basi.

Wulan atabwera kudzatenga makolo ake kupita nawo ku Batam, ndinawakulungira mpunga ndi nsomba zouma m'masamba a nthochi kuti akadye m'njira. A Koswara analandira ndi manja awiri, anathokoza, nakwera galimoto.

Anamwalira komweko chaka chathachi. Mayi Ening ndi amene anandiimbira. Tinalira tonse pafoni, kenako ndinalimba mtima n'kufunsa ngati anandikhululukira.

"Chakukhosi analibe nanu, achemwali," anatero. "Kungoti sankafuna kumva za kakhwalala kathu. Ndikayamba, ankadzuka n'kupita panja."